Tulo ta Pempho Kuseri kwa Bala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene amayi anayamba kukazinga chipisi pa bala ina pa Santhe, ndipo mlongo wanga Pempho anali asanakwanitse zitatu.

Chaka chimenecho matalala anagwa fodya wathu atafika m'chiuno. Anagwa masana amodzi okha, koma titapita kumunda madzulo ake tinapeza masamba onse ali zibowo zokhazokha. Bambo anaima pakati pa mizere nthawi yaitali. Patatha milungu iwiri ananyamula kachikwama n'kunena kuti akupita ku Mzimba kukafuna ntchito ku esiteti. Mwezi woyamba ankaimba pa foni ya aneba. Kenako foni yawo inasiya kupezeka, ndipo ife tinasiya kufunsa.

Amayi anali mtengwa m'mudzi wa bambo. Kwawo kunali kutali, amayi awo anali atamwalira kale, ndipo chimanga chimene tinakolola sichinadzaze ngakhale theka la nkhokwe. Choncho atamva kuti a Chunga, mwini bala pa Santhe, akufuna munthu wapachiwaya, sanaganize kawiri. Inali nyengo ya msika wa fodya. Malole odzaza mabelo ankadutsa akutimwaza fumbi, ndipo alimi amene matalala anawalambalala ankayamba kumwa dzuwa lisanafike pamutu. Munthu womwa amafuna chipisi ndi nyama, ndiye ntchito inalipo.

Vuto linali Pempho. Ndikukumbukira amayi atagwada pakhomo pa azakhali, achemwali awo a bambo, kupempha kuti azimusiya kumeneko masana.

"Mlamu, ine ndili ndi anga asanu," anatero azakhali, maso ali pa fodya amene ankasankha. "Mwana woyendayenda chonchi andipondera masamba. Muone kwina."

Kwinako kunalibe. Amayi ankadzuka m'mamawa, kumubereka, kuyenda ulendo wa ola lathunthu. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita komweko kukawalandira mwana, ndipo Loweruka ndinkakhalako tsiku lonse.

Ndinene zoona, ine ndinkakonda kubala. Kunyumba kwathu kunali zii, mdima ndi njala. Kubala kunali magetsi, kunali nyimbo, ndipo pakhoma, m'kati mwa khola lachitsulo lokhoma ndi loko, munali kanema. Ndinali ndisanaonepo anthu akuyenda m'galasi. Chiwaya cha amayi chinali kuseri, pansi pa malata awiri, pafupi ndi mulu wa makatoni ndi makireti opanda kanthu. Tizidutswa ta chipisi totsalira pansi pa mafuta, touma ndi tamchere, tinali tathu. Pa mwezi umodzi wokha masaya a Pempho anabwerera, ndipo amayi ankawatsina n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunali kutasowa pakhomo pathu.

Abambo omwa aja ankamukonda Pempho. Sindinena zimenezi powaikira kumbuyo, ndi mmene zinalili. Nyimbo ikayamba iye ankapindika timiyendo take n'kumagwedeza matako, bala yonse n'kufa ndi kuseka. Anamupatsa dzina lakuti Shasha. Amene ankamukonda koposa anali a Lufeyo, mlimi wamkulu wa mawu okhuthala, amene chaka chimenecho anagulitsa bwino. Ankamukhazika pamwendo, kuviika chala m'tambula yawo ya mowa n'kumunyambititsa. Pempho akakwinya nkhope, anthu ankaseka kwambiri. Pambuyo pake chala chinasanduka kukamwa kwa botolo.

"Mwamuna amayambira pang'ono," ankatero a Lufeyo.

Tsiku lina amayi anaona. Anabwera ndi mbale ya chipisi, kuiika patebulo, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani bambo, mwanayu ndi wamng'ono." A Lufeyo sanakwiye, anangoseka. Koma a Chunga anawatsatira amayi kuseri n'kuwauza kuti kasitomala sadzudzulidwa, ndipo ngati mwana akuwavuta, anthu ofuna ntchito ya pachiwaya ndi ambiri. Amayi anabwerera pachiwaya. Madzulo tikubwerera anandiuza kuti ndizimusunga Pempho kuseri pa makatoni, asamalowe m'kati.

Koma kanema anali m'kati. Ndipo ine ndinali nditaona chinthu chimodzi chimene sindinauze munthu: masiku amene a Lufeyo amulawitsa, Pempho ankagona tulo tambiri masana, osavuta, osalira. Ndinachisunga mumtima chinthu chimenecho monga mmene mwana amasungira kandalama kotola.

Panalinso mayi wina wogwira ntchito yoperekera mowa, dzina lake Towera, wochokera kumpoto kwa boma lathu. Tinkamutcha anti Towera. Ankagona m'kachipinda kumbali kwa bala, ndipo amayi a kumpingo akakumana naye pamsika ankayang'ana kumbali. Amayi anga anandiletsa kulowa m'chipinda chake. Ine sindinkamukonda chifukwa ndi iye yekha amene ankatithamangitsa. Akangondiona ndaima pakona ndi Pempho kumbuyo, ankaloza chitseko ndi chibwano.

"Ana, kuseri. Muno si mwanu."

Tsikulo linali Loweruka la mwezi wa Juni, tsiku la msika. Mphepo ya mwera inkauluza mapepala ndi fumbi mumsewu, ndipo njinga zinali zitatsamira khoma lonse la bala. Pempho anadzuka ndi chimfine. Phala la m'mawa anangolawa, chipisi anakana, ndipo kuyambira pamene tinafika ankangolira, osafuna kutsika kumbuyo kwanga. Msana unkandiwawa. Amayi anali ndi anthu odikira ambiri, utsi uli m'maso, manja onse awiri ali pa ntchito.

"Tadala, mutonthoze mwanayo," anatero osatembenuka. "A Chunga amva."

M'kati anali ataika filimu ya nkhondo imene ndinaionapo theka Loweruka lapitalo. Ndinkamva phokoso lake kudzera pazenera. Ndinayesa kumuimbira Pempho, ndinayesa kumuyendetsa uku ndi uku, ndinamupatsa zitsekerero za mabotolo kuti aseweretse, anazitaya. Kenako kunja kunamveka kulira kwa njinga yamoto. Mlimi wina anali atagula yatsopano, ndipo abambo onse anatuluka kukaiona, a Lufeyo ali patsogolo. Anti Towera anali atapita kukagula madzi oundana.

Patebulo la a Lufeyo panatsala botolo lapulasitiki la juwisi wa malalanje. Ndinali nditawaona akung'amba ndi mano timapaketi ta mowa waukali, tija tinkatchedwa masacheti, n'kuthira m'botolomo. Linali litatsala pang'ono kufika theka. Ndinalowa, kulibisa m'chitenje, n'kubwerera kuseri kwa makireti kumene amayi sakanandiona.

Ndinalawa kaye ndekha. Linali lotsekemera, kenako linawotcha pakhosi. Ndinkafuna kuti amwe kawiri kokha, monga ankachitira a Lufeyo. Koma Pempho anali ndi ludzu, ndipo kutsekemera kuja kunamukomera. Anagwira botolo ndi manja onse awiri. Nditayesa kumulanda anatsegula kukamwa kuti akuwe, ine n'kumubwezera msanga kuopa kuti amayi amva. Anamaliza lonse. Botololo ndinakaliponya m'dzenje la zinyalala n'kulikwirira ndi makoko a mbatata.

Poyamba anasangalala. Anaseka, anayesa kuvina, anagwa chokhala, n'kusekanso. Patapita kanthawi maso ake analemera. Ndinamugoneka pa makatoni, kumufunditsa chitenje mpaka m'khosi chifukwa cha mphepo ija, n'kukauza amayi kuti wagona.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero amayi.

Ndinaonera filimu ija mpaka kumapeto. Ataika ina, ndinaoneranso. Kamodzi ndinasuzumira kuseri, ndinaona chitenje chili momwe ndinachisiyira, ndinabwerera pakona panga.

Dzuwa linali litapendeka pamene anti Towera anapita kuseri kukatenga makireti. Ndinamva akuitana amayi ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iye, otsika koma olimba. Nditafika ndinamupeza atagwada pa makatoni, dzanja lake lili pachifuwa cha Pempho. Chichewa chinali chitamuthawa.

"Mwana uyu wakugona yayi," anatero. Kenako anabwereza m'chinenero chathu: "Amake Tadala, uku si kugona."

Amayi anasiya chipisi pamoto. Atamunyamula, mutu wake unagwera kumbuyo ndipo manja ake analendewera ngati masamba a fodya ofota. Thupi linali lozizira koma lonyowa ndi thukuta. Maso anali otseguka pang'ono, akuoneka oyera okha. Amayi anamuitana dzina, anamugwedeza, anamutsina pantchafu mpaka chikhadabo chinasiya chizindikiro. Pempho sanalire. Kenako thupi lonse linauma, timiyendo tinayamba kugwedezeka tokha, thovu n'kutuluka pakona pa kamwa.

Anthu anatizungulira. Mafuta a pachiwaya anayamba kununkha kupserera, palibe anawasamala. Wina anati ndi malungo aakulu. Wina anati anthu ambiri tsikulo anagula mankhwala othira m'chimanga oteteza anankafumbwe, ndipo ena amawathira m'timabotolo ta zakumwa, mwina mwana watola kamodzi. Bambo wina woledzera anati limeneli ndi tsempho, mwana sangadwale chonchi bambo ake ali kutali ngati mayi ake akudzisunga. Amayi anamva mawu amenewo. Ndinaona nkhope yawo ikuwalandira ngati mbama, koma analibe nthawi yoyankha.

Ine ndinaima pafupi ndi makireti, manja ndili nditapinda kumbuyo. Ndinkadziwa. Mawu anali pakamwa penipeni, koma ndinkadziuza kuti adzuka, kuti masiku onse amadzuka.

Anti Towera anaika mphuno yake pakamwa pa Pempho. Atadzutsa mutu anayang'ana abambo aja mmodzimmodzi.

"Ndani wamumwetsa mowa mwanayu?"

A Lufeyo anavula chipewa n'kulumbira kuti lero sanamukhudze n'komwe, ndipo ankanena zoona. A Chunga anafika akupukuta manja. Anayang'ana mwana, anayang'ana anthu amene anayamba kubwera kuchokera kumsika, n'kunena kuti tisatulukire kutsogolo.

"Dzerani kuseri. Ndipo kuchipatala musakatchule malo anga. Mukanene kuti wadwalira kunyumba."

Anti Towera anathamangira m'chipinda chake n'kubwera ndi kachitini ka shuga. Ananyowetsa chala, kuchiviika mu shuga, n'kupaka m'kati mwa tsaya la Pempho. Pambuyo pake anatiuza kuti bambo ake ankadwala matenda a shuga ndipo akakomoka n'kuzizira chonchi ankawachita zomwezo. Panthawiyo sanafotokoze chilichonse, anangopaka kawiri n'kuwakankha amayi kuti aimirire.

Mwini njinga yamoto yatsopano ija anali woledzera moti sakanatha ngakhale kuiliza. Anthu anaitana wakabaza. Amayi anakwera chammbali, Pempho ali m'manja, ndipo ine ndi anti Towera tinathamanga pambuyo. Mphepo inkatiwomba kumaso. Patapata wanga mmodzi anaduka, ndinavula winayo n'kuwasiya onse mumsewu. Ndikuthamanga ndinkayankhula ndi Mulungu monga mwana amayankhulira ndi munthu wamkulu amene wanyamula chikwapu. Ndinamulonjeza kuti sindidzaoneranso kanema. Ndinamulonjeza kuti ndidzamubereka Pempho mpaka adzakule. Ndinamupempha kuti ngati pakufunika wina, atenge ine. Chinthu chimodzi chokha sindinalonjeze, ndicho kunena zimene ndinachita.

Kuchipatala tinapeza amayi atamugoneka kale pa bedi lalitali lokutidwa ndi pulasitiki. Namwino anali mayi wamkulu thupi, wovala magalasi okhuthala. Anamubaya pachala, anamuunika m'maso ndi katochi, anamvetsera pachifuwa. Anafunsa kuti zayamba bwanji.

"Wangokomoka," anatero amayi. Ndinadziwa kuti akuganiza za a Chunga ndi za nkhokwe yathu.

"Kuti?"

Amayi anayang'ana pansi. Anti Towera ndiye anayankha, akupumira m'mwamba. "Kubala. Mukamwa mwake mukununkha mowa. Koma ena akuti mwina wamwa mankhwala a chimanga."

Namwino anali akufunafuna mtsempha pakadzanja ka Pempho. Anabaya koyamba, sanaupeze. Anabaya kachiwiri, sanaupeze. Mwana osagwedezeka n'komwe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kulira kulikonse.

"Shuga wake watsika kwambiri," anatero osadzutsa mutu. "Ameneyo ndimukweza. Koma ngati muli mankhwala a chimanga, chithandizo chake ndi china, ndipo sindingangoganizira. Ndikufuna kudziwa chimene wamwa, wamwa chochuluka bwanji, nthawi yanji. Amene anali ndi mwanayu ndani?"

Onse atatu anatembenukira kwa ine.

Kunja wina ankasesa. Namwino anapeza mtsempha kachitatu, anamata, anayamba kukankha mankhwala pang'onopang'ono, ndipo akuchita zimenezo anandiyankhula osakweza mawu.

"Dzina lako ndani?"

"Tadala."

"Tadala, ine sindimenya ana. Ndikungofuna kudziwa chimene chili m'mimba mwa mlongo wako. Ukachedwa kundiuza, ndichedwa kumuthandiza."

Ndinayang'ana mapazi anga odzaza fumbi. Ndinanena. Ndinatchula botolo la a Lufeyo, masacheti, makireti, dzenje la zinyalala. Atandifunsa kuchuluka kwake ndinaonetsa ndi zala. Atandifunsa nthawi ndinati njinga yamoto itangofika, ndipo anti Towera anati nthawi ya nkhomaliro inali isanakwane. Atandifunsa chifukwa chake ndinati ndinkafuna agone.

Amayi sanakuwe. Anatulutsa kamawu kakang'ono ngati munthu amene waponda munga, n'kukhala pansi pasimenti.

"Wachita bwino kunena," anatero namwino, n'kutembenukira kwa mwana.

Sindidziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Diripi inkadontha, ine ndinkayang'ana pachifuwa cha Pempho kuona ngati chikukwera. Anti Towera anakhala pansi pafupi ndi amayi, mayi yemwe uja amene ndinaletsedwa kulowa m'chipinda chake, ndipo amayi anatsamira mutu paphewa pake. Kenako chala cha Pempho chinagwedezeka. Anakwinya nkhope, anasanza, ndipo analira kalira kofooka ngati ka mwana wa mbuzi. Amayi anakwawa ndi mawondo kufika pabedi.

Anatisunga masiku awiri. Tsiku lotuluka, namwino uja anawaitana amayi pambali, koma ine ndinali pafupi ndipo ndinamva. Anawauza kuti mwana wamng'ono, makamaka wosadya, mowa umamutsitsa shuga mpaka kufa, ndipo tikanachedwa pang'ono tikananyamula maliro. Kenako anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, bala si malo a ana."

"Ndikudziwa, anesi," anatero amayi. Sanayankhe mwamwano, anayankha ngati munthu wofunsa njira. "Ndiuzeni malo ake, ndikamusiye."

Namwino anakonza kolala ya malaya a Pempho imene sinafunike kukonzedwa, n'kutiuza kuti tiziyenda bwino.

Njira yonse yobwerera kumudzi ndinkadikira chikwapu. Ndinkachifuna, kunena zoona. Tinadutsa minda ya mapesi a fodya ouma, tinadutsa zigafa zopanda kanthu, amayi ali patsogolo ndi Pempho kumbuyo. Titafika padambo anaima n'kukhala pachulu. Anandiuza kuti ndikhale.

"Unazionera kuti?"

"Kwa a Lufeyo."

Anagwedeza mutu. "Inenso ndinaona. Ndinaona, ndinauzidwa kuti ndikhale chete, ndinakhala chete. Ndipo amene anakutengerani kumeneko ndine." Anathyola udzu wouma. "Za botolozo ndisenza ndine. Zako ndi izi: mlongo wako akuuma m'manja mwanga, iwe unaima pamakireti ukudziwa, osanena. Zimenezo usadzachitenso kwa munthu aliyense, ngakhale atakuuza kuti akupha."

Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse chifukwa cha nkhaniyi, ndipo sanaitchulenso.

Ntchito inatha. Nkhani inali itamveka pa Santhe ponse, ndipo a Chunga anachotsa amayi ndi anti Towera tsiku limodzi. Amayi atapita kukatenga ziwiya zawo anapeza kachipinda kaja kali pululu. Akuti anti Towera anakwera lole ya fodya yopita chakumpoto. Sitinamuonenso. Sindinamuthokoze, ndipo sindidziwa ngakhale dzina la bambo ake loti ndingamufunsire.

Kumudzi anthu anabwera kudzazonda. Amayi a kumpingo anapemphera, n'kunena kuti Mulungu wawachenjeza amayi. Azakhali anati tachititsa manyazi banja, mwana wa m'bale wawo kuledzera asanasiye kukodza pamphasa. Aliyense ankadziwa kuti mwana sayenera kupezeka kubala, ndipo aliyense ananena. Atamaliza kunena ankaimirira, kukutumula chitenje, n'kupita kwawo.

Amayi anapeza ganyu yosankha ndi kudinda fodya pa esiteti ina yapafupi. Mlungu woyamba anapita ndi Pempho m'chigafa, koma fumbi la fodya linamuyambitsa chifuwa chosagonetsa. Ndiye ine ndinasiya sukulu. Ndinkakhala naye pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda wa esiteti kuyambira m'mawa mpaka amayi ataweruka, ndipo sindinkamuchotsa maso. Akagona masana ndinkamudzutsa pafupipafupi, mpaka amayi anandiletsa. Tinkadya kamodzi pa tsiku. Masaya ake analowanso. Ndikuchita manyazi kunena, koma pansi pa mtengo umenewo nthawi zina ndinkalakalaka tizidutswa ta chipisi tija, ndiyeno ndinkadzida chifukwa cholakalaka. Ndinabwerera kusukulu chaka chotsatira, m'kalasi limodzi ndi ana amene kale anali pambuyo panga.

Pempho anachedwa kuyankhula. Kusukulu zinkamuvuta, ndipo nthawi iliyonse akalephera mayeso ine ndinkamva ngati dzina lolembedwa pa pepalalo ndi langa. Nditakula ndinafunsapo dokotala wina ngati tsiku lija ndilo linachititsa. Anati mwina, mwinanso ayi, ana ochedwa kuyankhula ndi ambiri ndipo njala nayo imachita zake. Yankho limenelo ndi limene ndili nalo mpaka lero. Panopa Pempho akuphunzira kukonza njinga zamoto pa Kasungu, ndipo abwana ake amati ali ndi khutu labwino, amadziwa vuto la injini pongoimva.

Chaka chatha ndinamuuza. Tinali titakhala pakhonde panga, iye akuchotsa girizi m'zikhadabo ndi kamtengo. Anamvetsera zonse osandidula. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye achemwali, filimuyo inali yabwino?"

Ndinayesa kukumbukira. Sindinakumbukire ngakhale nkhope imodzi ya m'filimuyo. Nditamuuza choncho anaseka, ine ndinalira, ndipo anandisiya ndilire mpaka nditamaliza.

Masiku ano ndikamva anthu akukangana pa wailesi ngati n'koyenera kupita ndi ana kumalo omwera, sindivutika kuyankha. N'kosayenera. Koma chifukwa chake si chimene ndinkaganiza ndili mwana. M'bala muja munalibe munthu wofuna kupweteka Pempho. Chimene chinatsala pang'ono kumupha chinali chinthu chimene akuluakulu ankachita akuseka, mwana wina n'kumaonera, n'kuphunzira, n'kudzachichita yekha popanda womuuza pamene ayenera kulekezera. Mwana sasiyanitsa nthabwala ndi malangizo. Chilichonse chimene wamkulu wachita pamaso pake, kwa iye ndi chololedwa.

Koma ndaphunziranso kuti mayi amene wakhazika mwana pafupi ndi makireti a mowa nthawi zambiri sakusowa womuuza kuti akulakwitsa. Amadziwa kuposa tonsefe. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndipo ndili ndi mwana wanga mmodzi amene amandikwanira kale. Mnzanga woyandikana naye nyumba amagulitsa pa malo ena omwera mowa kumsika. M'mawa uliwonse amagogoda ali ndi mwana wake kumbuyo ndi kabotolo ka phala m'manja, ndipo amayamba ndi kupepesa. Masiku ena ndimakhala nditatopa, masiku ena ntchito imakhala yambiri moti ndimafuna kukana. Ndimatsegula chitseko n'kumuuza kuti amutsitse.